Kukonza ndondomeko ya zisudzo pasukulu kuno kuchigwa cha Shire: malangizo kwa aphunzitsi anzanga

Chaka changa choyamba monga patironi wa kalabu ya zisudzo ndinakonza zonse motengera mmene anzathu akumtunda amachitira. Tinasankha sewero mu Novembala, ana analoweza mawu patchuthi cha Khirisimasi, ndipo tinapangana ndi masukulu awiri oyandikana nawo kuti adzaonerere chapakati pa Febuluwale. Tsikulo lisanafike, mtsinje unadzaza. M'makalasi mwathu munagona mabanja othawa madzi, ndipo mtsikana amene anatenga mbali yaikulu anasamukira kwa azakhali ake kumtunda, sanabwererenso chaka chimenecho. Sewero linafera m'kope. Ana analibe mlandu. Ine ndi amene ndinalemba masiku osayang'ana kumene ndikukhala. Zimene ndikulembazi ndi zomwe ndakhala ndikutsata kuchokera pamenepo, ndipo ndikulembera inu aphunzitsi a ku Chikwawa ndi Nsanje, a pulayimale ndi a sekondale omwe.

Choyamba: yambani ndi kalendala, sewero libwere pambuyo

Tengani tchati, mulembe miyezi yonse kuyambira Sepitembala mpaka Julayi. Musanaikepo tsiku la sewero ngakhale limodzi, dulani kaye miyezi imene chigwa chimakana.

Januwale, Febuluwale ndi Malichi ndi miyezi ya madzi. Kumbukirani nokha. Madzi aakulu a 2015 anabwera mu Januwale. Namondwe wa Idai anali mu Malichi 2019. Namondwe wa Ana, uja anagumula ku Kapichira n'kutisiya mumdima, anali mu Januwale 2022, ndipo Freddy anali mu Malichi 2023, mpaka boma linatseka masukulu. Miyezi imeneyi ndi ya teremu yachiwiri. Ngakhale chaka chopanda namondwe, mtsinje wa Mwanza ukadzaza a ku Chapananga amasowa powolokera, ndipo Ruo akakwiya a ku Makhanga amakhala pachilumba. Choncho m'miyezi itatu imeneyi musaitane sukulu ina, musalonjeze makolo tsiku, musalipire galimoto. Kalabu isagone ayi, koma igwire ntchito zosadalira msewu: kupeka nkhani, kuphunzira nyimbo, ndi timasewero ta mphindi zisanu toonetsa pa asembule, toti ana anayi kapena asanu akhoza kuchita ngakhale anzawo ajomba.

Okutobala ndi Novembala ndi miyezi ya dzuwa. Ku Ngabu ndi ku Nchalo kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo kalasi ya malata masana imakhala ngati uvuni wa njerwa. Iyi ndi nthawi yolemba mayina a ana, kuzolowerana, ndi kutolera nkhani kumidzi. Ngati mukufuna kuonetsa kanthu, kakhale kakafupi ndipo kachitike m'mamawa. Pa 13 Okutobala dziko lonse limakumbukira za kuchepetsa ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo kwa ife tsikuli limakhala pabwino kwambiri chifukwa mvula imakhala isanayambe. Sewero lochenjeza za madzi loonetsedwa mu Okutobala limathandiza banja kuganiza zokonzeka. Lomwelo mukalionetsa mu Epulo limangotukula zilonda. Pa 1 Disembala palinso tsiku lokumbukira za Edzi, lomwe limakhala pafupi ndi kutsekera teremu.

Nyengo yathu yeniyeni ya zisudzo ndi Meyi, Juni ndi Julayi. Kunja kumazizirako, misewu yauma, m'nyumba muli mapira ndi mchewere, ndipo amene agulitsa thonje ali ndi kangachepe m'thumba. Koma teremu yomweyi ndi ya mayeso a MANEB: amayamba a Sitandade 8, kenako JCE, kenako MSCE. Sukulu ikakhala malo olembera mayeso, ng'oma siilira. Pemphani masiku a mayeso kwa ahedi akangofika, ndipo tsiku lanu lalikulu muliike pampata. Sabata ya 16 Juni, Tsiku la Mwana wa mu Africa, imakoma ngati siikuwombana ndi mayeso pasukulu panu. Pachifukwa chomwechi, mbali zikuluzikulu muzipereke kwa ana a Sitandade 6 ndi 7, kapena a Fomu 1 ndi 3.

A sekondale mudzafunsa za mipikisano, monga wa ATEM wa masewero a Chingerezi, umene unaumba anthu ngati malemu Du Chisiza Jr, kapenanso wa NASFEST wa zaluso za ana a sukulu. Lowani ndithu ngati mungathe, ndipo funsani masiku ake msanga. Koma mpikisano usakhale mzati wa chaka chanu. Ndaonapo kalabu ikutha chifukwa ndalama ya galimoto yokwera Thabwa kupita ku Blantyre inasowa, pamene anthu a m'midzi yozungulira sukuluyo sanaonepo ana awo akusewera n'kamodzi komwe.

Chachiwiri: gogodani pamakomo oyenera

Lembani tsamba limodzi lokha: kalabu izikumana masiku ati, nthawi yanji, malo ati, aphunzitsi ake ndi ndani, ndipo chaka chino mukufuna kuonetsa kangati. Pitani nalo kwa ahedi. A pulayimale sonyezani mmene likugwirizanirana ndi phunziro la Expressive Arts komanso la Chichewa. A sekondale tchulani gawo la masewero m'maphunziro a Chichewa ndi Chingerezi, pakuti mwana amene waimapo pabwalo savutika kumvetsa tanthauzo la mtengambali.

Ahedi akavomera, tsambalo lipite ku komiti ya sukulu, ku PTA ndi kwa amayi a Mother Group. Amayiwa musawalambalale. Ndi amene amadziwa mtsikana yemwe akufuna kusiya sukulu, ndipo kholo likamakayika zolola mwana wake kutsala ataweruka, mawu awo amamveka kuposa anu. Kenako pitani kwa anyakwawa, osati kutumiza kalata ndi mwana, koma inu nomwe ndi mapazi anu. Muwauzenso a PEA, alangizi a maphunziro a m'zoni, chifukwa mudzawafuna pa tsiku loitana masukulu a m'zoni.

Aphunzitsi oyang'anira kalabu akhale awiri, mmodzi wamkazi. Ngati pasukulu panu palibe mphunzitsi wamkazi, pemphani mayi mmodzi wa Mother Group kuti azikhalapo. Mphunzitsi asatsale yekha ndi mwana mmodzi m'kalasi ponena kuti akumuphunzitsa mbali yake. Lamuloli limateteza mwana, limatetezanso inu. Makolo muwauze nthawi yeniyeni yoweruka ndipo muziisunga. Ana athu ambiri amayenda mtunda, ena akuyembekezedwa kukatsekera ng'ombe, ena kukaingitsa mbalame m'mapira. Mukawachedwetsa kawiri, kachitatu kholo lawaletsa.

Chachitatu: sankhani ana

Gulu la ana 15 mpaka 25 limayendetseka. Musangotola amene amakhoza m'kalasi kapena odziwa Chingerezi. Mnyamata uja amakhala kumbuyo n'kumatsanzira mayendedwe anu mukatembenuka, ameneyo ndi wanu. Mtsikana wamanyazi koma woyambitsa nyimbo pamjigo, mutengeni. Mwana wolumala mwendo, wachibwibwi kapena wachialubino asangopatsidwa ntchito yosunga zikwama. Apatsidwe mbali, ndipo wachialubino aziyeserera pamthunzi atavala chipewa.

Mbali iliyonse iphunziridwe ndi ana awiri. Kuno malungo, maliro ndi kusamuka sizipangana ndi munthu. Ena akhale a ng'oma, wina wosunga zovala, wina wosunga nthawi, ndipo mmodzi wolemba bwino akhale mlembi wa kalabu.

Chachinayi: pezani nkhani, ndipo pano musathamange

Masewero ambiri a m'masukulu mwathu amafanana. Bambo woledzera akufuna kukwatitsa mwana, mayi akulira, kenako pamapeto pakutulukira munthu wa tayi ndi chikwama, n'kuyamba kulalikira kwa mphindi zisanu, onse n'kugwada kuti tamva. Oonerera amawomba m'manja mwaulemu, koma palibe amene amapita nalo kunyumba, chifukwa palibe amene wadziona m'menemo.

Njira imene imandithandiza ndi iyi. Tumani ana kunyumba ndi funso limodzi, akafunse agogo, amalume kapena azakhali. Mwachitsanzo: "N'chifukwa chiyani anthu amabwerera kudimba madzi akaphwera, pamene anauzidwa kuti asamukire kumtunda?" Sabata yotsatira khalani mozungulira pansi pa mtengo, aliyense afotokoze zimene wamva. Mudzadabwa. Wina adzati kumtunda nthaka ndi youma, pamene kudimba madzi amasiya chonde ndipo chimanga ndi mbatata zimacha chilimwe. Wina adzati manda a makolo ali komweko. Wina adzati amfumu akasamuka amakakhala pansi pa amfumu ena. Wina adzati nsomba za ku Elephant Marsh ndizo zimalipira fizi. Apa ndiye pali sewero, chifukwa bambo wokana kusamuka ali ndi zifukwa zomveka, ndipo mwana wake amene anagona usiku wonse mumtengo madzi ali pansi alinso ndi zifukwa zomveka. Sewero lopanga bamboyo kukhala chitsiru ndi labodza, ndipo abambo okhala pabwalo adzadziwa kuti ndi labodza.

Nkhani ikasankhidwa, musagwire cholembera. Gawani ana m'magulu, gulu lililonse liime ngati chithunzi, osalankhula: chithunzi cha poyambira, cha pamene zinthu zathina, ndi cha pamene munthu ayenera kusankha. Anzawo anene zimene akuona. Kenako auzeni kuti zithunzizo ziyambe kuyenda ndi kulankhula, aliyense ndi mawu ake. Chitani kangapo. Mawu amene akubwerabwera, amene aseketsa kapena kukhalitsa anzawo chete, mlembi awalembe. Kulemba kumabwera kumapeto. Sewero lopangidwa chonchi ana saliiwala, ndipo mmodzi akasokoneza mzere mnzake amadziwa pomutolera. Kutalika kwake kukhale mphindi 15 kapena 20.

Mmalo mwa munthu wa tayi uja, yesani kuimitsa sewero pamene pathina. Bambo wanyamula khasu, mayi wanyamula mwana, wa komiti ya m'mudzi yoona za ngozi waliza wezulo kuti madzi akubwera. Apo mwana mmodzi, amene mwamuphunzitsa bwino, atulukire kutsogolo n'kufunsa anthu kuti, "Makolo athu, banja ili lichite chiyani?" Wina akayankha, amuitane adzalowe m'malo mwa mtengambali n'kuyesa yekha kuwanyengerera bambowo. Njirayi inatchuka ndi Augusto Boal wa ku Brazil, ndipo kuno kwathu gulu la zisudzo la ku Chancellor College linkachita zofanana nazo m'zaka za m'ma 1980, pokambirana za umoyo ndi anthu a m'midzi ya ku Liwonde. Kunena zoona, ife amene tinakulira pabwalo la milandu la amfumu sitiiona yachilendo.

Nkhani ya chilankhulo ndimaimva mumtima. Ana athu ambiri kunyumba amalankhula Chisena kapena Chimang'anja, ndipo ena anazolowera kuchita manyazi nacho akafika pasukulu. M'sewero, agogo alankhule monga agogo amalankhulira. Akati "takhuta" asawakonze kuti anene "zikomo", akati "pinthu" zisasanduke "zinthu". Mphunzitsi wa m'seweromo akhoza kulankhula Chichewa cha m'buku, wa ku ofesi n'kuponyamo Chingerezi, monga zimakhalira tsiku ndi tsiku. Koma samalani kuti wolankhula Chisena asamakhale iye yekha mbuli ya m'sewero, anzeru onse n'kukhala a Chingerezi. Ana amaphunzira zambiri pa kagawidwe kameneka kuposa pa mawu amene mwawalembera. Ngati inuyo ndinu ochokera kumtunda ndipo Chisena simuchimva bwino, ana akhale aphunzitsi anu pamenepa. Amakondwa kwambiri.

Nyimbo ndi magule zichokere komweko. Utse, likhuba ndi valimba zili m'midzi mwathu, ndipo pafupifupi dera lililonse lili ndi mkulu wodziwa kuimba ng'oma zake. Mupempheni abwere kawiri kapena katatu, mumuthokoze ndi kanthu. Gule alowe pamene nkhani ikumufuna, monga paukwati, pokolola kapena posintha malo, osati kungomata pamapeto kuti nthawi ikwane.

Pali zinthu zina zofunika kufunsa musanazikhudze. Za kudambwe ndi za kuchinamwali siziikidwa pabwalo la sukulu. Nkhani ya Mbona ndi kachisi wa ku Khulubvi ndi chuma chathu ndipo ana ayenera kuidziwa, koma ili ndi eni ake, choncho funsani mafumu ndi akuluakulu zimene zikhoza kuonetsedwa. Musalole ana kutsanzira munthu weniweni wa m'mudzi moti aliyense amuzindikire. Ngati sewero likukhudza madzi osefukira, dziwani kaye ngati m'gulumo muli mwana amene anataya m'bale wake, mulankhule naye payekha pamodzi ndi mphunzitsi mnzanu, ndipo asankhe yekha ngati akufuna kutenga mbali. Pa maukwati a ana kapena miyambo ngati kulowa kufa, nenani zoona popanda kunyoza mtundu wa anthu. Chigwa chathu chanenedwa mokwanira ngati kuti kuno kulibe china. Zamalamulo zikhale zolondola: lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti agwirizane nalo. Nambala yaulere ya 116 yothandiza ana itchulidwe momveka. Ndipo konzekani, chifukwa sewero lotere likatha pamakhala mwana wobwera kudzakunong'onezani kuti zimenezi zikumuchitikira. Dziwiranitu kumene mudzapite naye: kwa ahedi, kwa Mother Group, kwa woona za chitetezo cha ana m'dera lanu, kapena kupolisi.

Chachisanu: kuyeserera

Kawiri pasabata, ola limodzi, kwa masabata asanu ndi atatu. Zimakwana ngati simujomba. Mphindi khumi zoyamba zikhale za nyimbo ndi kuwongola thupi, zina khumi za mawu, theka la ola la sewero lenileni, ndipo zotsalazo mukhale pansi ana anene okha chimene chayenda ndi chimene chavuta. Chidebe cha madzi akumwa chikhale pafupi nthawi zonse.

Pa mawu, pitani nawo pabwalo la mpira. Mmodzi aime pagolo, mnzake pakati pa bwalo, ayankhulane osakuwa. Aphunzire kutulutsa mawu kuchokera m'mimba ndi kumaliza mawu onse osameza mathero ake. Ndi bwino kuyeserera ngati kuti zokuzira mawu kulibe, chifukwa tsikulo magetsi akhoza kuthima kapena jenereta kukana. Popeza anthu kwathu amakhala mozungulira, ana azolowere kusuntha kuti mbali imodzi isangoona misana. Aphunzirenso kudikira. Anthu akamaseka, wolankhula aime mpaka phokoso litsike, apo ayi mzere wofunika umamira.

Chenjerani ndi woseketsa. Mnyamata wovala chitenje ataika nsanza kumbuyo, kapena woledzera wogwa kasanu, amakokera anthu onse kwa iye, ndipo mnzake amene akulira pambali palibe womuona. Musamuchotse, pakuti nthabwala ndi mchere wa sewero, ndipo tonse tinakula tikuseka ndi Izeki ndi Jakobo. Ingomuuzani malo ake oseketsa ndi malo okhala bata. Mbali za akazi ziseweredwe ndi atsikana.

Sabata yachisanu ndi chimodzi onetsani sewero kwa kalasi imodzi ya ana aang'ono. Pamene ayamba kutsinana ndi kuyang'ana mbuzi, pamenepo ndi pofunika kudula. Ngati muli ndi foni yojambula, jambulani kuti osewera adzione, koma musaponye pa WhatsApp kapena Facebook makolo asanalole.

Chachisanu ndi chimodzi: bwalo ndi zovala

Mthunzi wa mitengo ya nimu kapena mtondo umaposa holo yotentha. Pitani pamalopo nthawi yomweyo imene sewero lidzachitike, muone kumene dzuwa likhale, ndipo lisalase oonerera m'maso. Lembani malire ndi phulusa, wazani madzi kuti fumbi ligone, mangani zitenje ziwiri pa nsungwi kuti pakhale povalira, atsikana kwawo anyamata kwawo. Zovala zibwerekedwe kunyumba. Ndodo ikhoza kukhala nkhafi, mphasa n'kukhala bwato, nsalu yaitali yogwedezedwa ndi ana anayi n'kukhala Shire. Chikwanje chenicheni, moto ndi mabotolo osweka zisalowe pabwalo.

Chachisanu ndi chiwiri: tsiku loitana masukulu ena

Apa ndi pamene ndondomeko imaoneka. Kutatsala masabata asanu ndi limodzi, pemphani a PEA kuti mukumane ndi mapatironi anzanu ku TDC, malo okumanira aphunzitsi a m'zoni. Gwirizanani kuti masukulu asapitirire anayi kapena asanu, onse oyendeka wapansi kapena panjinga, ndipo lililonse libwere ndi sewero losapitirira mphindi 20. Uzananitu mitu yake kuti onse asabwere ndi nkhani imodzi. Tsiku lokhala ndi masewero anayi a ukwati wa ana limatopetsa ngakhale munthu wokonda zisudzo. Pakhale lina la nthano, lina la madzi, lina loseketsa chabe la pamsika wa ng'ombe kapena la kabaza.

Mphunzitsi aliyense wobwera ndi ana alandire kapepala kusanafike tsikulo. Mulembepo nthawi yofika, chiwerengero cha ana amene angabwere nawo, mutu wa sewero lililonse m'mizere iwiri, msinkhu woyenera kulionerera, ndi mafunso atatu oti akambirane ndi ana m'kalasi asananyamuke. Mwachitsanzo, "Kwanu madzi akabwera, amene amayamba kudziwa ndani?" Mwana wobwera ali ndi funso m'mutu amaonerera mosiyana ndi amene wangouzidwa kuti lero kulibe masamu. Muuzenso mphunzitsiyo mwaulemu kuti malo ake ndi pakati pa ana ake, osati pamipando ya alendo. Ndinaonapo aphunzitsi onse atasonkhana pansi pa mtengo wina n'kumacheza zawo, ana mazana atasiyidwa m'manja mwa mapulifekiti awiri. Sewero lachitatu silinamveke.

Yambani 8 koloko, mumalize dzuwa lisanafike paliwombo. Ana aang'ono ayambe, chifukwa satha kudikira, ndipo akhale kutsogolo pamphasa. Sewero lolemera liikidwe pakati anthu akadali ndi mphamvu, loseketsa litsekere. Pakati pa masewero pakhale gule kapena ndakatulo yaifupi pamene gulu lina likukonzeka. Zolankhula zikhale ziwiri, ahedi polandira alendo ndi amfumu kapena a PEA potseka, ndipo muwapemphe pasadakhale kuti afupikitse. Zimatheka mukawafotokozera kuti ana ena ali ndi ulendo wa maola awiri wobwerera.

Madzi ndi zimbudzi zikonzedwe dzulo lake. Zidebe zokhala ndi mpopi, sopo, madzi othira kolorini, ndi munthu woyang'anira pamjigo. Kolera wa 2022 ndi 2023 tonse timamukumbukira. Uzani a zaumoyo a m'dera lanu kuti kudzakhala gulu la ana, ndipo ogulitsa zakudya akhale malo amodzi oonekera.

Pa za mphotho, maganizo anga ndi akuti ku pulayimale musaike woyamba ndi womaliza. Gulu lililonse liuzidwe chinthu chimodzi chimene lachita bwino ndi chimodzi choti likonze, ndipo ngati pali makope kapena zolembera zigawidwe mofanana. Mukaika mpikisano, mapatironi amayamba kulembera ana masewero ndi kubisirana nzeru, ndipo ana obwerera ali omaliza chaka chamawa sabweranso. Ku sekondale mpikisano ukhoza kukhalapo, koma oweruza achokere kunja kwa masukulu opikisanawo ndipo zimene akuyang'ana zidziwike kwa onse tsiku lisanafike.

Anthu akabalalika, aphunzitsi mutsale theka la ola. Pamenepa ndi pamene mnzanu amakuonetsani masewera otenthetsa mawu amene simunawadziwe, ndipo mumasankha sukulu yodzalandira chaka chamawa.

Chachisanu ndi chitatu: ulendo ndi ndalama

Mwana asanyamuke popanda chilolezo cha kholo, cholembedwa kapena chodinda chala. Mndandanda wa mayina ukhale pawiri, wina kwa inu wina kwa ahedi, ndipo muziwerenga ana ponyamuka, pofika ndi pobwerera. Musayende usiku. Musadzaze ana mulole yopanda zotchinga, makamaka pokwera mapiri a Thabwa. Ngati ulendo ukufuna kuwoloka Shire pabwato, ine ndimakonda kuti mapatironi awiri awoloke kukaphunzitsana kusiyana n'kuwolotsa ana 20 pamadzi a ng'ona ndi mvuu. Ngati ana ayenera kuwoloka basi, pakhale majekete oyandamitsa, ndipo awoloke ochepaochepa, masana.

Ndalama isadutse m'thumba mwanu. Lembani zofunika zonse, msungichuma wa komiti asunge, ndipo pamapeto muwerengere makolo mmene yayendera. Ana asalipitsidwe kuti aonerere anzawo. Mabungwe ogwira ntchito kuno ndi ambiri, ndipo ena adzabwera ndi thandizo pamodzi ndi uthenga wawo wokonzakonza. Thandizo lilandireni kudzera kwa ahedi, koma gwirizanani zinthu ziwiri poyamba: mutu akhoza kupereka iwo, koma nkhani ndi mawu zipangidwe ndi ana, ndipo ana asatulutsidwe m'kalasi nthawi ya maphunziro kuti akasangalatse alendo. Samalaninso ndi chizolowezi chopatsa ana ndalama m'manja akasewera. Chikangoyamba, tsiku lopanda bungwe pabwalo pamakhala inu nokha ndi ng'oma. Thandizo likhale la kalabu yonse, monga ng'oma, nsalu, makope kapena chakudya cha tsikulo.

Chachisanu ndi chinayi: Lolemba lotsatira

Sewero lilowe m'kalasi lisanazizire. A Chichewa auze ana alembe kalata kwa mtengambali mmodzi, kapena alembe mathero ena a nkhaniyo. A Chingerezi atenge kachigawo kamodzi ana akayese m'Chingerezi. A Social Studies ajambule ndi ana mapu a mudzi, kusonyeza kumene madzi amalowera ndi njira yothawira. Funsani aphunzitsi amene anabwera kuti ana awo anakambirana zotani pobwerera, chifukwa zimene ana amanena panjira ndizo zimakuuzani ngati sewero linafika. Ngati pabwalo anthu analonjeza kanthu, monga kukonza mlatho wa mitengo kapena kukaona mtsikana amene anasiya sukulu, perekani mawuwo kwa anyakwawa ndi komiti, ndipo mudzafunsenso pakatha mwezi.

Kenako khalani ndi mlembi wa kalabu mulembe zonse mu hadikava imodzi: sewero lonse monga linathera, mawu a nyimbo, mayina a ana ndi mbali zawo, ndalama zimene zinalowa ndi kutuluka, masiku amene anayenda bwino ndi amene anawombana ndi zina. Aphunzitsi timasamutsidwa, ndipo wobwera pambuyo panu apeze poyambira. Jambulani masamba ake pafoni, mutumizireko patironi mnzanu wa sukulu ina. Bukulo mulikulunge m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi nsalu za kalabu, ndipo Disembala asanathe muliike pamwamba pa kabati mu ofesi ya ahedi, ng'oma muzipachike kudenga.